Mlandu ukabwera kumpingo: kayendetsedwe kake kuti wolakwiridwa asabwerere chimanjamanja

Kuno ku Kasungu milandu ili ndi nyengo zake ngati mbewu. Mu Okutobala ndi Novembala, makasu akayamba kulira m'minda, imabwera ya malire: uyu wandilowerera mizere itatu, uyo wazula khonje amene anadzala malemu agogo. Chimanga chikafika m'chiuno ndi nthawi ya mbuzi ndi ng'ombe. Fodya akangogulitsidwa ku Chinkhoma kumagwa milandu ya ndalama: waganyu sanalipidwe, bambo wasowa sabata ziwiri ndi ndalama zomwe banja lonse linakhetsera thukuta, wina wathawa ngongole ya banki nkhonde. Ambiri mwa okanganawa Lamulungu amapezeka m'tchalitchi chimodzi, nthawi zina m'kwaya imodzi.

Ndakhala nawo pa milandu yotere zaka zambiri monga mkulu wampingo, ndipo pali cholakwa chimene timachibwereza mpaka chinasanduka mwambo. Timathamangira mawu akuti, “Ingokhululukiranani, nonse ndinu Akhristu.” Anthu agwirana chanza, wina atsogolera nyimbo, tipemphera, tibalalika. Koma amene analanda akadali nacho cholandacho, ndipo wolandidwa wapita kwawo ndi katundu wina pamutu: tsopano akangodandaula, amutcha wosakhululuka. Yeremiya 6:14 ikudzudzula ansembe ndi aneneri chifukwa cha zomwezi, kupoletsa bala pamwamba chabe n'kumati kuli mtendere pomwe mtendere palibe.

Malangizo awa ndi a akulu ampingo, atsogoleri a mphakati, amayi a chigwirizano, alangizi, ndi aliyense amene anthu amamugogodera akayambana. Ndizitchula kawirikawiri mlandu umodzi umene ndinakhalapo. Ng'ombe za bambo wina wopata, yemwe analinso ndi udindo mumpingo, zinalowa usiku m'munda wa mayi wamasiye n'kudya chimanga chitangomasula.

Musanayale mipando, onani ngati mlanduwo ndi wanu

Ina si ya mpingo n'komwe. Mwana akagwiriridwa, mayi akamenyedwa mpaka kuvulala, munthu akaopsezedwa kuti aphedwa, kapena gogo akamanenedwa ufiti achinyamata atayamba kale kutola miyala, musaitanitse msonkhano. Perekezani wolakwiridwayo kupolisi, komwe kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit. Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi. Nkhani za ana mukhozanso kuimba pa 116, nambala yaulere. Za ufiti, lamulo la mu 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Bwalo la mpingo likakhala pansi kuti lifufuze ngati gogo uja amaulukadi, lalowa kale mbali ya oponya miyala.

Chimene chimatigwira miyendo ndikuchidziwa: manyazi a mpingo, makamaka wolakwayo akakhala mphunzitsi wa Sande sukulu kapena mwana wa mkulu mnzathu. Ndiye tikambirana m'chipinda, mbuzi iperekedwa kwa makolo a mwana, nkhani n'kukwiriridwa. Aroma 13 imati wolamulira sagwira lupanga pachabe. Mpingo ukhoza kumuyendera munthuyo kundende ndi kusamalira ana ake, koma ulibe mphamvu yomuchotsera mlandu umene wapalamula kwa mwana ndi kwa boma.

Yotsalayo, ya mijedo, ngongole, ziweto, mawu onyoza, kulimbirana maudindo, ndi imene Yesu anaipatsa njira pa Mateyu 18:15-17.

Choyamba, awiriwiri

Munthu akabwera ndi dandaulo, funso lanu loyamba likhale lakuti, “Kodi mwiniwakeyo mwalankhula naye?” Ambiri amakhala atauza apongozi, anzawo a pamjigo ndi gulu lonse la WhatsApp la kwaya, koma mwini nkhani sanamufike. Abwezeni mwaulemu akayambire kumeneko. Ngati wolakwa ndinu, musadikire kuti akupezeni. Mateyu 5:23-24 ikuti ukakumbukira uli paguwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya chopereka pomwepo, ukayanjane naye kaye. Envelopu ya chakhumi idikire.

Musapite pamaliro, pamsika, kapena madzulo munthu atalawa. Pitani m'mawa kunyumba kwake, odi, mukhale pansi, mulonjerane, kenako munene chimene chachitika osati chimene mumamuganizira. “Achimwene, ng'ombe zanu zagona m'munda mwanga, tiyeni mukaone.” Pamenepo munthu akhoza kudzuka n'kukutsatani. Koma mukayamba ndi, “Inu mumadzimva chifukwa muli ndi ngolo,” mukambirana za ngolo mpaka dzuwa kulowa. Cholinga Yesu anachinena yekha: akakumvera, wamubweza m'bale wako.

Pano pakufunika nzeru. Mayi uja anapitadi yekha, n'kuuzidwa ali chiimire pabwalo kuti, “Mayi, ng'ombe m'mudzi muno ndili nazo ndekha?” Anabwerako akunjenjemera. Pamene wina ali ndi mphamvu zambiri kuposa mnzake, bwana ndi waganyu, abusa ndi mtsikana wa m'kwaya, mwamuna waukali ndi mkazi wake, musaumirize wofookayo kupita yekha ati chifukwa ndime ikutero. Apite ndi mlangizi, nkhoswe kapena mwini mbumba.

Chachiwiri, mboni, ndipo zipite kumunda

Akakana, mutenge mmodzi kapena awiri. Yesu apa akubwereza Deuteronomo 19:15, pamene pakuti nkhani itsimikizike pakamwa pa mboni ziwiri kapena zitatu. Awa si anyamata okathandiza kukalipa. Sankhani anthu amene mbali zonse zingawapatse mpando: osati mlamu wa wodandaula, osati amene ali ndi ngongole kwa wodandaulidwa, osatinso uja chimene wamva m'mawa pofika masana chili pachigayo.

Ntchito yawo ndi kukaona ndi maso, poti kandimverere anakanena za m'maluwa. Ife tinapita awiri m'mawa mwake mame asanaume. Tinapeza mapazi a ng'ombe ndi ndowe, tinazitsata mpaka pakhola, tinawerenga mizere yodyedwa n'kuilemba m'kope. Tikanachedwa masiku atatu, mvula ikanafafaniza zonse. Pa ngongole, funsani kope la gulu kapena uthenga wa pafoni wosonyeza kuti ndalama zinatumizidwa. Milandu yambiri imathera pano, chifukwa nkhani isanafike pagulu munthu amakhala akadali ndi pobisa nkhope. Wathu uja sunathe.

Chachitatu, bwalo la akulu

Kuuza mpingo sikuti muilengeze Lamulungu pakati pa za maliro ndi za zopereka. Ndi kuipereka kwa amene mpingo unawaika kuti azimva milandu. Apa ndikhalitsapo, chifukwa chilungamo chimafera pano kawirikawiri, ndipo chimafera m'tinthu tating'ono.

Aitaneni onse awiri tsiku limodzi, aliyense auzidwiretu nkhani imene akuitanidwira. Mkulu amene ali pachibale ndi mmodzi wa iwo, kapena amene amabwereka ngolo kwa mwini ng'ombe, anene yekha n'kutuluka. Tsiku lija anatuluka awiri, mmodzi akung'ung'udza. Onaninso pokhala. Ngati wopata mwamupatsa mpando pafupi ndi abusa, mayi wamasiye ali yekha pamkeka kukhomo, mwaweruza kale musanatsegule ndi pemphero. Yakobo 2 ikunena zimenezi ndendende: wa mphete yagolide kumukhazika pabwino, wosauka kumuuza akhale pansi. Ngati mwambo ukufuna kuti amayi akhale pamkeka, pakhale amayi ena aulemu wawo pambali pake, ndipo adzilankhulire yekha.

Za mphatso, palibe amene amabwera n'kunena kuti, “Nachi chiphuphu.” Imangofika nkhuku Lachisanu, ati ya alendo. Limafika thumba la feteleza, “mudzabweza mukadzapeza.” Deuteronomo 16:19 imati mphatso yotere imachititsa khungu maso a anzeru. Osati a zitsiru, a anzeru, ndipo ife tonse okhala pabwalopo timadziwerengera m'gulu limenelo. Mlandu usanathe, kanani ngakhale botolo la Fanta.

Wodandaula ayambe, amalize osadulidwa, kenako winayo chimodzimodzi. Miyambo 18:17 imachenjeza kuti woyamba kunena mlandu wake amaoneka wolungama mpaka mnzake atabwera kudzamufunsa. Mlembi alembe, awerengere aliyense mawu ake kuti avomereze. Levitiko 19:15 imadula mbali zonse: usakondere wosauka, usaope wamkulu. Ndikunena zambiri zoteteza amasiye, komatu ndinaonapo wosauka akunamizira wolemera podziwa kuti anthu amumvera chisoni. Umphawi si umboni.

Mukamva onse, funsani chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Ife tinapeza kuti ng'ombe zija sizinangosochera. Mundawo unali m'mbali mwa dambo, mwini ng'ombe ankausirira kuyambira pamene mwamuna wa mayiyo anamwalira, ndipo mnyamata wobusa anali atauzidwa kuti asamavutike kuzibweza zikalowera kumeneko. Tikanangolipiritsa chimanga, chaka chotsatira zikanalowanso. M'buku la Machitidwe, mutu 6, atumwi atamva kuti amasiye a Ayuda olankhula Chigiriki akuiwalidwa pogawa chakudya, sanauze odandaulawo kuti awonjezere mapemphero. Anakonza kagawidwe, nasankhitsa amuna 7, ndipo maina awo onse, kuyambira Stefano ndi Filipo, ndi a Chigiriki.

Nanga wodandaulidwa akakhala abusa eniake? Pa 1 Timoteo 5:19-20 pali zonse ziwiri: musalandire chinenezo chopanda mboni ziwiri kapena zitatu, koma wochimwayo adzudzulidwe. Abusa sangakhale wapampando pa mlandu wawo. Upite kubwalo lapamwamba la mpingo wanu. Mantha alipo, inde. Mneneri Natani anali nawo mwayi wongokhala chete pa nkhani ya Davide ndi Uriya, koma anaidzudzula mfumuyo. Ndipo ife a ku Kasungu tisaiwale kuti pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Katolika anawerengetsa m'matchalitchi kalata yodzudzula kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu ndi kutseka anthu pakamwa, pamene wolamulira anali Kamuzu Banda, mwana wakwathu konkuno, yemwenso anali mkulu wampingo. Pa 14 Juni 1993 dziko linavota pa riferendamu n'kusankha ndale za zipani zambiri. Ngati zinatheka kwa Ngwazi, mwini ng'ombe zisanu asatinjenjemeretse.

Chachinayi, kubweza

Apa ndi pamene timalumpha, chonsecho Baibulo likunena mosapsatira. Eksodo 22:5 ikuchita ngati inalembedwa ku Chamama kapena ku Santhe: munthu akalekerera chiweto chake kudya m'munda wa mnzake, alipe ndi zokolola zabwino koposa za m'munda mwake. Osati mphunthwa zofumbwa za pansi pa nkhokwe. Numeri 5:7 imati wolakwa aulule tchimo lake, abweze zonse, awonjezerepo limodzi la magawo asanu. Kunena kwake, amene anadya matumba 5 abweze 6. Zakeyu, pa Luka 19, analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda, ndipo Yesu ananena kuti chipulumutso chafika m'nyumbamo atamva mawu amenewo.

Alimi a fodya anzanga, Yakobo 5:4 ndi yathu: malipiro a okolola m'minda yanu, amene mwawakaniza, akufuula. Utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, koma anthu ogwira ntchito chaka chonse n'kumadikira kuti fodya agulitsidwe alipobe. Pofika tsikulo amawerengeredwa ufa, mchere ndi sopo mpaka kutsala opanda ya basi yobwerera kwawo. Bwana wotere akabwera ndi chakhumi chonenepa, bwalo limufunse kaye za anyamata aja.

Kawerengedwe kake kakhale koti aliyense akaone. Ife tinagwirizana kudikira kukolola, tiyeze zimene yatulutsa mizere yosadyedwa yofanana nambala ndi yodyedwa ija. Lembani chigwirizanocho: chobwezedwa n'chiyani, chochuluka bwanji, tsiku liti, pamaso pa yani. Onse asaine kapena adinde chala, aliyense atenge pepala lake. Mawu akuti “ndidzaona mmene ndingachitire” musawalandire.

Wolakwa akakhala wosauka, abweze pang'onopang'ono kapena ndi ntchito ya manja ake, koma musamulande khasu kapena bulangete. Deuteronomo 24:6 imaletsa kutenga mphero ngati chikole, chifukwa ndiko kutenga moyo wa munthu. Ngati chobedwa ndi mbiri, ibwezedwe pomwe inaonongedwera. Amene ananamizira mnzake pa gulu la WhatsApp akatsutse bodzalo pa gulu lomwelo, osati kukanong'oneza pepani kuseri kwa tchalitchi.

Chachisanu, kupepesa ndi kukhululuka

“Ngati ndinakulakwirani, pepani” si kupepesa. Munthu atchule chimene anachita. Bambo uja anazungulira nthawi yaitali, za mnyamata wobusa, za khola lothyoka, mpaka mkulu wina wokalamba anati, “Bambo, ife tamva za khola. Tsopano auzeni mayiwa za munda.” Mpamene anagwetsa nkhope.

Kukhululuka n'kofunika, ndipo Yesu anauza Petro kuti kulibe malire. Koma Luka 17:3 ikuika zinthu mu dongosolo lake: m'bale wako akachimwa umudzudzule, akalapa umukhululukire. Wolakwiridwa ali ndi ufulu wonena kuti, “Zisiyeni, musabweze.” Ufulu umenewo ndi wake, si wa bwalo. Mufunseni pambali, pali amayi kapena abambo amene amawakhulupirira, osati pamaso pa gulu pomwe kukana kungaoneke ngati kuuma mtima. Ndipo kukhululuka sikubweza makiyi. Msungichuma amene anadya za chitukuko akalapa timadya naye Mgonero, koma kope la ndalama ligwidwe ndi wina.

Za amfumu ndi khoti

Mpingo sugawa malo. Mlandu wa malire upite kwa anyakwawa, ukakanika kwa agulupu, mpaka kwa a T/A, ndipo lamulo la malo la mu 2016 linakhazikitsanso makomiti ndi mabwalo oona za malo a m'midzi. Ntchito yathu ndi kuperekeza, kunena zoona zimene tinaona, ndi kukumbutsa Akhristu athu kuti Deuteronomo 27:17 imatemberera wosuntha malire a mnzake. Ife tinapempha amfumu kuti adzayende m'malire a munda wa mayi uja pamaso pa onse, khonje n'kudzalidwanso.

Ena amatseka anzawo pakamwa ndi 1 Akorinto 6, ati Mkhristu satengera mnzake kukhoti. Paulo pamenepo akuchititsa manyazi mpingo umene unalibe ngakhale munthu mmodzi wanzeru woweruza pakati pa abale, ndipo akudzudzula olanda anzawo. Paulo yemweyo, pa Machitidwe 25:11, ataona kuti mlandu wake sukuyenda bwino, anapempha kukaonekera kwa Kaisara. Choncho mayi amene achibale a mwamuna wake amulanda nyumba, malata ndi njinga maliro atangotha, musamuletse. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda koteroko ndi mlandu. Mulozereni ku ofesi ya DC kapena ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo waganyu wosalipidwa mumulozere ku ofesi ya leba.

Wokana kumva, ndi osatheka kukhalira limodzi

Amene wakana zonsezi, Yesu akuti akhale ngati wakunja ndi wamsonkho. Mpingo umuike pa chilango monga mwa malamulo ake. Koma amene analemba mawu amenewa, Mateyu, anali wamsonkho, ndipo Yesu anamupeza pa ntchito yomweyo n'kumuitana. Wachilango aziyenderedwa, ndipo akalapa abwezedwe msanga, monga Paulo akupempha pa 2 Akorinto 2, kuti asamizidwe ndi chisoni. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'mabuku athu a chilango mwadzaza atsikana otenga mimba, pamene olanda minda ndi okaniza malipiro sindikumbuka kuti tinalembamo angati.

Ena mukawayanjanitsa sadzabwereranso pa chinzake chakale, ndipo musawakakamize. Abramu ndi Loti anagawana dziko chifukwa cha mikangano ya abusa a ziweto zawo. Paulo ndi Barnaba anapatukana pa nkhani ya Yohane Marko. Ngakhale masinodi a CCAP, wa Nkhoma ndi wa Livingstonia, akhala zaka zambiri akukokanakokana pa za malire, ife a ku Kasungu tili pakatikati. Anthu awiri akavomera kuti aleke kulima dimba limodzi koma azipatsana moni ndi kukumana pamaliro, lembani kuti mlandu watha.

Chomaliza, bwererani

Musankhe anthu awiri oti akaone ngati chigwirizano chatsatidwa, ndipo tsiku lake lilembedwe m'buku. Popanda zimenezi, pepala lija lidzakulungidwira fodya.

Ife tinabwerera mu Meyi, pokolola. Mizere yosadyedwa ija inatulutsa matumba 4 a makilogalamu 50. Bambo uja anabweretsa atatu pa ngolo yake yomwe, nati lachinayi libwera. Mu Juni silinabwere. Tinapitanso kawiri, ulendo wachiwiri tili ndi abusa, ndipo linafika mu Julayi. La pamwamba lija la pa Numeri 5 mayiyo analikana yekha titamufunsa pambali. Anati chimene akufuna n'chakuti khola likonzedwe mvula isanagwe, ndipo mu Okutobala tinapita kukaona mitengo yake.